Dzina Limene Ndinatola m'Beseni

Ine ndi Mulungu tinasiya kulankhulana chaka chimene mwana wanga Chewe anaphedwa. Ndisaname, amene anasiya ndi ine.

Kale tinkacheza ngati anthu oyandikana makomo. Ndikamakanda ufa wa vitumbuwa m'mawa ndinkamuuza zonse, zoti bondo likuwawa, zoti mayi wa tebulo loyandikana ndi langa pamsika wandiyang'ananso moipa, zoti mvula ikalowanso m'nyumba chaka chino ndidzangokhala pansi n'kumulirira. Sindinkagwada kapena kutsinzina. Ndinkangoti, "Mnzanga, mwaziona izi?" Anthu a ku Misisi ankati Amake Chewe mutu suyenda bwino, amalankhula okha. Ndinalibe nazo ntchito.

Chewe anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ankawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko ku Kalingalinga, ndipo akalowa m'nyumba fungo la chitsulo chopsa linkayamba kufika iye asanaoneke. Loweruka lina masana anapita kukanditungira madzi kumpopi chifukwa bondo langa linali litatupa. Pamzere panabuka mkangano wa zigubu, woti wafika poyamba ndani. Bambo wina dzina lake Kapembwa anatola chitsulo n'kumumenya nacho kuseri kwa khutu, kamodzi kokha. Nditafika ndikutsimphina ndinapeza anthu atamufunditsa kale chitenje, chigubu changa chili pambali pake, madzi ali theka.

Kukhoti ndinakhala kumbuyo kwenikweni, nkhope nditaikulunga. Kapembwa anam'patsa zaka khumi ndi zisanu. Ine ndinasamuka ku Misisi, mpopi uja sindikanatha kumaudutsa tsiku ndi tsiku, ndinakachita lendi kachipinda ku Chawama kumene palibe ankadziwa za ine. Kutchalitchi ndinkapitabe, monga mkazi amene wakangana ndi mwamuna wake amaphikabe koma osayankhula. Nyimbo ndinkaimba. Koma mawu akuti Mnzanga sanatulukenso pakamwa panga kwa zaka zitatu.

Patchalitchi chatsopanocho panali Ba Nsama, mayi wamasiye wa ku Kasama amene kale anali namwino. Iwo ndi amene ankatsogolera kagulu ka amayi koyendera akaidi Loweruka lililonse. Lamlungu lina anaimirira kupempha anthu owonjezera, ndipo anatchula ndende imene amapitako. Ndinkadziwa kuti Kapembwa ali komweko. Ndinakweza mkono, amayi anzanga n'kuwomba m'manja. Chifundo ndinalibe ngakhale pang'ono. Ndinkafuna kukamuona atawonda, ali ndi zilonda, basi.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Abusa a kundende ankapatsa Ba Nsama mayina a akaidi amene palibe wachibale amawayendera. Ba Nsama ankalemba dzina lililonse pa kapepala, kukapinda, n'kuponya m'beseni lobiriwira lovundikira ndi chitenje. Lachinayi tikatha mapemphero a amayi, aliyense ankapisa dzanja n'kutola kamodzi, ndipo munthu ameneyo ndi amene ukamuphikire sabata imeneyo. Mayina anali oposa makumi anayi, ife tinali asanu ndi awiri. Malamulo anali atatu. Sufunsa munthu mlandu wake, sumuuza dzina lako, ndipo chakudya chimene wabweretsa umayamba walawa wekha, ba ofisa akuona.

"Sitisankha ise," ankatero Ba Nsama. "Asankha ni Ambuye. Ise ni manja chabe."

Lachinayi langa loyamba ndinapisa dzanja, n'kutambasula kapepala. Kapembwa. Ndinakapinda msanga n'kukabisa pamfundo ya chitenje. Ba Nsama anandifunsa ngati ndili bwino, ndinati ndi bondo.

Loweruka limenelo ndi pamene zinayamba za mpando wa m'basi. Aliyense amadziwa mmene makondakitala a ku Chawama amalongera anthu, mzere uliwonse anayi, kaya ndinu onenepa chotani. Ndinakhala mzere wakumbuyo, kabaketi ka vitumbuwa pamiyendo. Tinalipo atatu, ndipo pakati pa ine ndi zenera panali malo a munthu mmodzi. Kondakitala anasuzumira, anawerenga ndi chala, n'kumenya denga ngati mzere wathu wadzaza. "Kumbuyo kwazula, tiyeni." Panja anthu anali ataima akufuna malo. Ndinafuna kusendera kuzenera kuti bondo lipume, koma thupi linakana. Mbali imeneyo inali yofunda ngati pali munthu.

Pageti la ndende ba ofisa aamuna anatiwerenga tikulowa. "Muli eiti."

"Tili seveni, bwana," anatero Ba Nsama.

Anawerenganso, akuloza mmodzimmodzi, ndipo chala chawo chinaima kanthawi kumbuyo kwanga. Anapukusa mutu n'kulemba seveni. Ba Nsama anaseka n'kuti Ambuye ali nafe, amayi onse n'kuvomera amen. Ine sindinaseke.

Mkati munali tebulo la ba ofisa aakazi, mayi wamfupi wa mawu okhuthala. Ankavundukula chakudya chilichonse, kuloza ndi cholembera pamwamba, iwe n'kudya akukuyang'ana kukhosi mpaka umeze. Ukatero chakudya chimalowa pa kawindo ka pambali, iwe n'kupita kukaima pa waya. Wayawo ndi wa sefa, mizere iwiri, pakati pali mpata, moti munthu wa mbali inayo umamuona ngati ali m'utsi. Anthu amakhala ambiri, aliyense akukuwa kuti wake amve.

Anaitana dzina, ndipo anabwera. Anali atawondadi, yunifolomu ya olenji ikumulendewera, dzino lakutsogolo litachoka. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala koma chisangalalo sichinabwere. Sanandizindikire.

"Zikomo ba mayo," anatero. "Kulibe anabwelapo kunione kuchokela pamene n'nangena."

Ndinatembenuka n'kukadikira anzanga panja.

Lachinayi lotsatira ndinapisa dzanja pansi penipeni pa beseni, ndinavundula, n'kutola ka m'mphepete. Kapembwa. Loweruka mpando uja unalinso wopanda munthu, m'basi ina, kondakitala wina. Mayi amene anakhala kutsogolo kwanga anatembenuka n'kunena mwaulemu kuti, "Ba mayo, auzeni abo muli nabo afendeze mwendo." Atayang'anitsitsa anatsika pa siteji yotsatira ngakhale anali atanena kuti akupita m'tauni.

Sabata yachitatu ndinachenjera. Nditatola kapepala sindinakatsegule. Ndinapempha Ba Luse, amene ankakhala pafupi nane, kuti tisinthane, ndinati ndi masewera chabe. Anaseka n'kundipatsa kawo. Iwo anatsegula kanga kaja pomwepo n'kupeza dzina la munthu wina, Bornwell. Ine ndinatuluka nako kawo kali chipindire, ndinayenda mpaka pa ngalande ya pafupi ndi msika, dzuwa likuswa mtengo, ana asukulu akudutsa. Ndinakatsegula pamenepo. Kapembwa.

Ndinakhala pa mwala. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu ndinalankhula ndi Mulungu. Sindinati Mnzanga. Ndinangoti, "Ndamva."

Zimene ndinamva ndi izi, ndipo ndikuzinena mmene zinalili m'mutu mwanga. Mayina makumi anayi, katatu konse dzina limodzi. Ba Nsama amati amasankha ndi Ambuye. Ndiye Ambuye andipatsa munthu ameneyu m'manja, akudziwa bwino lomwe chimene anandichita. Ndipo amene amakhala pambali panga m'basi, amene ba ofisa amamuwerenga, ndi ndani wina ngati si Chewe? Mwana wanga sanagone, wabwera kudzaona ngati amake ali ndi mtima. Zinagwirizana bwinobwino, ndipo ndinamva mtendere woipa, wozizira, umene ndinautenga ngati yankho.

Lachisanu ndinagula mankhwala a makoswe kwa bambo wina woyala malonda pansi m'mbali mwa msewu wa Kafue. Anandifunsa ngati makoswe ndi ambiri, ndinati ndi mmodzi koma wamkulu.

Loweruka m'mawa, dzuwa litatuluka kale, ndinakanda ufa m'mbale ziwiri. Ndinali nditaona kawiri konse kuti ba ofisa aja amaloza pamwamba, safufuza pansi. Vitumbuwa vinayi vabwino ndinaika pamwamba, visanu ndi vitatu vinavyo pansi. Ndikukazinga, kuwala kwa pakhomo kunachepa ngati munthu waima pamenepo. Sindinatembenuke. Ndinati, "Dikira pang'ono mwanangu, vatsala pang'ono kupsa." Sanayankhe ndipo sanachoke. Chinthu chimodzi ndinachizindikira koma ndinachikankhira kumbali: panalibe fungo la chitsulo. Komanso Chewe sankatha kuima malo amodzi osalankhula, ngakhale ali mwana.

M'basi malo aja analipo. Ulendo wonse mbali yanga ya kumanzere inali yofunda, ndipo kabaketi kankalemera ngati wina waikapo dzanja pachivundikiro. Pa siteji ina ndinaganiza zotsika n'kukataya m'ngalande. Ndinakumbukira chigubu cha madzi theka chija, ndinakhala.

"Mwabwela na vitumbuwa futi," anatero ba ofisa aakazi. "Uyu muntu wanu azanenepa." Analoza cha pamwamba. Ndinachitenga, ndinaluma, ndinatafuna akundiyang'ana. Chinali chokoma, ine vitumbuwa ndimadziwa kuphika. Anatseka kabaketi n'kukalowetsa pa kawindo.

Tsiku limenelo sindinachoke pa waya. Ndinkafuna kuona ndi maso anga. Kapembwa anabwera atanyamula kabaketi ndi manja awiri.

"Idyani," ndinatero. Aka kanali koyamba kumulankhula. "Idyani pompano ndione. Vili pansivyo ndiye vabwino, vili ndi shuga wambiri."

Anamwetulira ndi mpata wa dzino uja. "Ba mayo, munikhululukile. Pa Chibelu ine sinidya."

"Chifukwa?"

"N'napaya muntu pa Chibelu." Chibelu ndiye Loweruka. Ananena mosabisa, ngati akunena kumene amachokera. "Sanan'chite chilichonse. Vigubu chabe. Manje siku iyi nimasala, nimapempelela bamake. Sinibaziba, n'namvela chabe ati banali na mwana umozi."

Ndinagwira waya. Ndisanapeze chonena, anatembenuka n'kuitana mkaidi wina wamtali amene anaima chapatali, n'kumupatsa kabaketi. Wamtaliyo anakalandira ngati chinthu chimene anazolowera, n'kuyamba kuyenda kudutsa bwalo.

"Akupita nako kuti?"

"Ku odwala. Vonse vamene mumaleta vimayenda kuja. Kuli bamudala benangu ba chifuba, sibadya vakudya va muno, koma vitumbuwa vanu bamadya. Bamafunsa kuyambila pa Chisanu ati bamayo baja bazabwela?" Anaseka pang'ono. "Bali eiti muja. Bamagabana."

Bwalo la ndende ija ndi lalitali, la dothi loyera, lopanda mtengo. Kumapeto kwake kuli kanyumba ka chitseko chobiriwira. Munthu wamtali uja ankayenda mosafulumira, kabaketi kakugunda pantchafu. Ndinkamuona bwinobwino kudzera m'mawaya awiri aja.

Ndikufuna ndinene zoona pano, chifukwa ena akamafotokoza nkhani yanga amandikometsa. Sindinakuwe nthawi yomweyo. Ndinaima n'kumaganiza. Ndikatsegula pakamwa, geti limene ndalowera sinditulukiranso. Ndikakhala chete, ndikwera basi, ndikafika ku Chawama, ndipo nkhalamba zachifuwa zikafa ndani adzafunse? Dzina langa palibe amalidziwa mkatimo. Ndinaganiza zimenezo, ine Ndaona, mayi wa mapemphero a Lachinayi, munthu uja ali pakati pa bwalo.

"Ba mayo," anatero Kapembwa, mawu atatsitsa. "Nifunseko. Aba bamene mumabwela nabo ni bandani?"

"Ndimabwera ndi amayi a kutchalitchi."

"Iyayi. Aba baimilila kumbuyo kwanu. Lyonse bamankala pamene apo, sibakamba."

Mumtima ndinati tsopano wamuona Chewe, wamuzindikira, wadziwa chimene chamubwerera. Ndinafunsa, "Ndi mnyamata? Wamtali, wa chipsera pachipumi?"

Anayang'ana kupyola phewa langa nthawi yaitali. Pankhope pake panalibe mantha ngakhale pang'ono.

"Nkope sinimaiona, waya uyu. Koma si munyamata. Nibaziba. Ni bamene bamankala na ine mu selo pa Chibelu, nikasala. Tili bambili muja, tigona monga nsomba, koma pambali panga pamankala malo. Banzanga bamaniseka ati nikamba neka." Anandiyang'ana. "N'nadabwa kubaona kuli imwe. N'naona monga ni banzanga ine neka."

Chimene ndinamva si mantha, ndipo si kulapa. Inali nsanje. Nsanje yeniyeni, yowawa, ngati ya mkazi amene wapeza mwamuna wake akudya kwina. Zaka zitatu ine ndili ndekha m'kachipinda ku Chawama, ndipo Iye Loweruka lililonse ali m'selo, wakhala pambali pa munthu amene anaswa mutu wa mwana wanga, akumumvetsera. Mnzanga wanga ine.

Ndinatembenuka. Kumbuyo kwanga anthu anali atapanikizana, amayi ndi ana kumsana, aliyense akukankha kuti afike pa waya. Koma pomwe panali phewa langa lamanzere panali mpata wa munthu mmodzi, ndipo anthu ankauzungulira osadziwa kuti akuuzungulira. Panalibe fungo la chitsulo. Sanali Chewe, sanakhalepo Chewe. Amene anaima pakhomo ndikukazinga, amene anaika dzanja pachivundikiro m'basi, anaona zonse, ndipo sanachoke.

"Ndinu?" ndinafunsa chapansipansi. "Nanga dzina lija munkandipatsiranji?"

Sanayankhe. Sanayankhepo ndi mawu chiyambire, ngakhale masiku amene tinkagwirizana. Nditabwezera maso pa waya, wamtali uja anali atafika pa chitseko chobiriwira, akuvundukula kabaketi, ndipo dzanja lowonda linali litatuluka kale m'chitsekomo.

"Asadye! Muli poizoni, asadye!"

Mawu anga a pamsika ndi aakulu. Phokoso lonse la pa waya linazima. Ndinakuwanso, ndikumenya sefa ndi manja, mpaka ndinaona ba ofisa awiri akuthamanga kudutsa bwalo, fumbi likubuka. Kapembwa sanathamange. Anangoima n'kumandiyang'ana.

"Ndine amake," ndinamuuza. "Amake Chewe. Amene mumawapempherera aja."

Anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka anagwada, chipumi chili pa waya. Pamenepo ba ofisa aakazi anali atandigwira kale pamkono, ndipo Ba Nsama anali ataima pakhomo, manja ali pamutu.

Nkhalamba ya dzanja lowonda ija inali itadya theka la chitumbuwa. Chinali cha pamwamba. Anaigoneka kuchipatala masiku awiri kuti aione, ndipo ndinamva kuti itabwerako inafunsa ngati amayi aja adzabwerenso.

Kukhoti sindinakane chilichonse. Anandipatsa zaka zinayi, ndipo ndatha chimodzi ndi miyezi itatu, kuno ku mbali ya amayi. Kagulu ka Ba Nsama anakaletsa kulowa kwa miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha ine, ndipo anthu makumi anayi aja anakhala opanda owayendera nthawi yonseyo. Chimenecho chimandiwawa kuposa zaka zinayi. Ba Nsama anabwera kamodzi, analira, anapemphera, sanabwerenso. Sindiwadandaula. Achibale anga ali ku Katete, ndipo ndi okalamba.

Kapembwa sindinamukhululukire bwinobwino, ndisanamize anthu. Masiku ena ndimadzuka ndikumuda ngati kale. Koma Loweruka ndikaona mbale yanga ndimakumbukira kuti kuseri kwa khoma ili kuli munthu amene sakudya chifukwa cha ine, ndipo chakudya chimavuta kutsika.

Mwezi watha abusa a kundende anabwera ndi kope kulemba amene alibe owayendera. Ndinapereka dzina langa. Loweruka lapitali, tikuchapa mabulangete pabwalo, ndinamva akuitana kuti Ndaona ku waya. Ndinapukuta manja n'kupita.

Anali mayi wa ku Mtendere, wa mpingo wina, wovala duku loyera. Ndinamuona patebulo paja akulawa mpunga ndi nyemba, ba ofisa akumuyang'ana kukhosi. Atafika pa waya sanandifunse mlandu ndipo sananene dzina lake. Tinacheza za mvula ndi za bondo langa. Koma maso ake ankangothawira kumanzere kwanga, ndipo potsiriza analephera kupirira.

"Ba mayo, munikhululukile. Abo muli nabo ni bandani?"

Sindinatembenuke. Mbali imeneyo inali yofunda.

"Ndi Mnzanga," ndinatero. "Tinayambana. Sitinayambe kulankhulana bwinobwino, koma kuchoka sachoka."